Azakhali a pa Chikwangwani

Mumsewu wa timasitolo, pakati pa saluni ndi kashopu ka machaja a foni, muli chipinda cha telala amene tauni yonse imamutchula kuti Azakhali. Musaganize kuti ali ndi abale ochuluka chotero. Mwana wa achimwene awo anali mmodzi yekha, kungoti mmodziyo anakwanira kuwatchukitsa mpaka kwa anthu amene sanasoketsepo ngakhale batani.

Chipindacho n'chopapatiza. Muli tebulo lodulirapo nsalu, galasi losweka pakona, chingwe chokolekapo madiresi amene eni ake analonjeza kudzatenga "mawa", ndi makina osokera opalasa ndi phazi. Khoma lolekanitsa chipindachi ndi saluni ndi la matabwa, ndipo silifika kudenga. Mpata umenewo ndi umene unalera ubwenzi wa Azakhali ndi mayi wa saluni. Anayamba ndi kubwerekana lumo, kenako ketulo, mapeto ake anali kuuzana zinthu zimene munthu sauza ngakhale m'bale wake. Wina akayetsemula mbali ino, mnzake ankafunsa mbali inayo ngati wamwa mankhwala. Mwamuna wa mayi wa saluni atamwalira, Azakhali anatseka chipinda chawo mpaka mnzawoyo atayambanso kudya.

Azakhali anayamba kusoka ali mtsikana. Anakwatiwapo kamodzi, ndi bambo amene anapita kutali kukafuna ntchito n'kukapeza ntchito ndi mkazi yemwe. Mwana sanakhale naye. Achimwene awo atamwalira, mlamu wawo n'kutsatira chaka chisanathe, abale anakhala pansi kukambirana za mwana wamasiye, aliyense maso ali pa zala zake zakumapazi. Azakhali anangonyamula kajumbo ka zovala za mwanayo n'kumugwira dzanja. Anamusunga: anamudyetsa, anamusokera malaya a nsalu zotsalira za makasitomala, anamukwapula pamene pankafunika kukwapula.

Kusukulu anzake anamupatsa dzina loti Masamu, chifukwa mphunzitsi asanamalize kulemba funso pabolodi iye ankakhala atayamba kale kuyasamula. Dzinalo linamukakamira. Anapita ku yunivesite, analowa ntchito ku banki, ndipo Azakhali anamusokera suti yoyamba ndi manja awo. Koma Masamu sanachedwe kutopa nayo banki. Ankati kumeneko munthu amakalamba akudikira kuti bwana wake afe. Anasiya ntchito n'kuyamba kampani yakeyake ndi anzake awiri, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala.

Tsiku lina anayesa kuwafotokozera azakhali ake za ntchitoyo.

"Ndi ndalama, azakhali, kungoti sizigwirika. Zimakhala pa intaneti, amazitcha kiripito. Munthu amatipatsa ndalama wamba, ife timamugulira za kiripitozo n'kumusungira. Akafuna zake amatenga."

"Nanga pozisungapo mumaziika pati?"

"Zimaoneka mufoni mwake."

"Iwe, nyama ya pa kalendala nayo imaoneka. Unamvapo kuti munthu wakhuta?"

Masamu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Azakhali analibe chidani ndi ntchitoyo, koma anali munthu wa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kangachepe kamene ankapeza kankakhala ku banki yomwe ija ya mizere yaitali, ndipo foni yawo inali ya mabatani.

Kampani inakula msanga kuposa mmene chinthu chabwino chimakulira. Inasamukira m'nyumba ya magalasi okhaokha pakati pa tauni. Masamu anakhala Bwana Mkulu, ankayankhula pa wailesi, ankakwera ndege, ankaitanidwa kukalangiza achinyamata. Koma azakhali ake sanawaiwale, zimenezo tinene zoona. Anawagulira makina amagetsi, ankawalipirira lendi, ndipo akawapeza akusoka dzuwa litalowa ankawakalipira. Nthawi ina iwonso anakopeka, anamuuza kuti awaikireko kangachepe.

"Zanu zisiyeni kumene zili, azakhali," anatero Masamu, osawayang'ana. "Inu ndilipo ine."

Anakumva ngati kukoma mtima kwa mwana. Mwina kunalidi kukoma mtima. Koma pambuyo pake mawu amenewo anawasowetsa mtendere, chifukwa wophika akakukaniza chakudya chimene akugawira anthu ena, umayenera kudzifunsa.

Kenako linafika tsiku la kanema wotsatsa malonda. Masamu anati anthu atopa kuona anyamata a masuti, akufuna nkhope ya munthu wonga iwo. Anabwera anthu a makamera, anadzaza kachipinda ka telala ndi nyali ndi zingwe, anasuntha makina amagetsi n'kuwakhazika Azakhali pa opalasa aja kuti zioneke zakale. Mayi wa saluni anawakonza tsitsi ulere. Mtsikana amene ankatsogolera ntchitoyo anawauza kuti angonena za kumtima kwawo.

Azakhali anayang'ana kamera n'kunena kuti, "Mwana uyu ndinamusunga ndine. Lero akundisunga ndi iye."

"Zokoma kwambiri, amayi," anatero mtsikanayo. "Tibwereze. Koma munene kuti akundisungira. Zikumveka bwino."

Apa tisawanamizire umbuli Azakhali. Chichewa ndi chawo, anayamwira. Ankadziwa kuti kusunga munthu ndi kumudyetsa ndi kumuveka, pamene kusungira munthu ndi kugwira chinthu chake mpaka adzachifune. Anatembenuka kuyang'ana Masamu, amene anaima pakhomo. Iye anali kuyang'ana mufoni. Nyali zinali kuwotcha, anthu onse aja anali kudikira mayi mmodzi, ndipo zinaoneka zamanyazi kuyambitsa mkangano chifukwa cha kamchira ka mawu. Anabwereza mmene anawauzira.

Pasanapite nthawi nkhope yawo inali pa chikwangwani chachikulu cha pa mphambano, tepi yoyezera ili m'khosi, pansi pake palembedwa kuti: NDINAMUSUNGA, LERO AKUNDISUNGIRA. Pa TV zomwezo, pa wailesi zomwezo. Ana a sukulu ankawapatsa moni ndi mawu amenewo. M'basi anthu ankawapatsa malo. Kuyambira pamenepo anakhala Azakhali a aliyense, ndipo kunena zoona, zinkawakomera.

Masana ena, makasitomala atachepa, mawu anabwera kudzera pamwamba pa khoma.

"Anzanga, ndikufunseni. Inu munaikadi zanu kwa mwana wanuyu?"

Azakhali anali ndi mapini pakamwa. Anawachotsa limodzilimodzi, mosafulumira.

"Kodi simunandione pa chikwangwani?"

"Ndiye basi," anatero mayi wa saluni. "Inu ndimakudziwani, simugula ngakhale zipi musanaikoke katatu."

Mayi wa saluni anali ndi mwana wamkazi amene ankafuna kuphunzira unamwino. Ndalama zimene bambo a mwanayo anasiya, pamodzi ndi zimene mayiyo anatolera pa mitu ya anthu, zinali zosakwana pang'ono. Anaziika zonse kwa Masamu kuti zikule. Anatsatira wa machaja, anatsatira mlonda wa mumsewumo, anatsatira amayi amene ankabwera kudzayesa madiresi. Azakhali sanakope munthu ndi pakamwa pawo, zimenezo ankadziuza kawirikawiri. Ankangomwetulira.

Mmawa wina mafoni a anthu onse analemba mawu amodzi: dikirani pang'ono. Anthu anadikira. Mawa lake zomwezo. Sabata isanathe kunja kwa nyumba ya magalasi kunali khamu, zitseko zili zokhoma, mlonda wa pamenepo nayenso akulira zake. Apolisi anamugwira Masamu ku bwalo la ndege. Zinadziwika kuti ndalama zimene ankati akusungira anthu ankazitenga n'kukazitchovera juga pa malonda ena, zina n'kugulira nyumba ndi magalimoto. Pamene panabooka ankatseka ndi za anthu obwera kumene. Manambala a mufoni ankaoneka ndithu, koma kumbuyo kwake kunalibe kanthu.

Azakhali anakhala m'chipinda chawo chitseko chili chotseka, akudikira miyala. M'malo mwa miyala kunabwera nyuzipepala, mutu wake wa zilembo zikuluzikulu: WABERA NGAKHALE AZAKHALI AKE OMULERA. Mtolankhani sanawafunse. Akanawafunsa chiyani, chikwangwani chili pompo? Mabuku a kampaniyo anali pwirikiti, moti ngakhale apolisi sankadziwa bwino amene anaika ndi amene sanaike.

Woyamba kulowa anali mayi wa saluni, maso ali otupa. Anawakumbatira.

"Ife ndi anthu apadera, anzanga. Koma inu? Mwana womulera nokha?"

Pamenepo ndi pamene Azakhali anayenera kunena zoona. M'malo mwake analira, ndipo misozi inali yeniyeni, kungoti mnzawoyo anaimasulira molakwika.

Msewu wonse unawachitira chifundo. Wa machaja anasiya kuwalipiritsa akamatchaja foni. Amayi ankabweretsa zovala zimene zinalibe vuto lililonse, kuti angopeza chowalipira. Mwini nyumba anati za lendi asade nazo nkhawa kaye. Mayi wa saluni ankawabweretsera tiyi ndi buledi, n'kuima pompo mpaka atadya. Palibe chinthu chowawa ngati kudya chifundo chimene si chako. Azakhali anayamba kuonda, anthu n'kumati ndi chisoni cha ndalama zawo. Ndalamazo zinali phee ku banki, ndipo ankaopa ngakhale kudutsa pakhomo pake.

Chimene chinkawabaya koposa chinali phokoso la madzi kuseri kwa khoma. Mwana wa mayi wa saluni sanapite ku sukulu ya unamwino. Anayamba kutsuka mitu ya makasitomala a mayi ake, ndipo mmawa uliwonse ankasuzumira pakhomo n'kunena mwaulemu kuti, "Mwadzuka bwanji, azakhali?" Nthawi zingapo iwo anaganiza zokatapa zawo zonse n'kumupatsa. Koma akanati zachokera kuti, munthu amene tauni yonse ikudziwa kuti anasiyidwa manja lendee? Makina amagetsi aja anawafunditsa nsalu. Sankathanso kuwagwira, poganiza kuti mwina anagulidwa ndi fizi ya mwana ameneyo.

Mlandu unatenga nthawi, monga milandu ya anthu a masuti imachitira. Anzake awiri amene anayamba naye kampani anasanduka mboni za boma. Masamu anayamba ndi kukana, kenako anati analakwitsa chabe mawerengedwe, zimene zinaseketsa anthu amene ankadziwa dzina lake. Khoti linamupeza wolakwa pa milandu yonse ya chinyengo ndi kuba. Chinatsala ndi chilango. Woweruza anati asanagamule akufuna kumva kuchokera kwa ena mwa anthu oberedwa.

Oberedwa a mumsewu uja anakumana mu saluni kuti asankhe wokawayankhulira. Sipanakhale mkangano. Mayi wa saluni ndi amene anatchula dzina.

"Apite Azakhali. Woweruza akamva kuti munthu anabera ngakhale dzanja limene linamudyetsa, adziwa kuti ndi munthu wotani."

Onse anavomera. Azakhali anati sadziwa kuyankhula pagulu. Wa machaja anawakumbutsa kuti anayankhulapo pa TV, anthu n'kuseka.

Azakhali anapita kukamuona Masamu ku ndende. Anamupeza atameta mpala, khosi litatalika. Anakhala moyang'anana pa benchi, msilikali wa ndende ataima chapatali.

"Akuti ndikanene kuti unandibera," anatero Azakhali.

"Kaneneni."

"Iwe, ndikaname nditalumbira?"

"Azakhali, ine ndathera pano. Kaya andionjezera chaka kaya ziwiri, kusiyana kwake n'kochepa. Mukanena zoona simundithandiza, mungoonjezera bodza lina pa mulu wanga. Koma inu mukatuluka m'khotimo mukubwerera mumsewu uja. Mukakhala ndi ndani?"

Anali akadali Masamu, wowerengera zonse msangamsanga. Azakhali anamufunsa kuti:

"Tsiku lija unandikaniza kuika zanga, unkadziwa?"

Iye anayang'ana pansi. "Ndinkaganiza kuti ndikonza zisanadziwike."

"Ndiye unapulumutsa ine n'kunditenga kukhala nyambo."

Nthawi yocheza itatha Masamu anawapempha kuti ulendo wina adzamubweretsere sopo.

Tsiku la khoti mayi wa saluni anatseka saluni yake. Anawakonza tsitsi Azakhali, anawagwira mkono pokwera basi, anawagwiranso pokwera masitepe. M'khoti munali modzaza. Azakhali ataitanidwa anaima m'kabokosi ka mboni, analumbira, ndipo loya wa boma anawafunsa mofatsa, ngati munthu wofunsa wodwala. Anafunsa za imfa ya achimwene awo, za sukulu ya mwanayo, za suti yoyamba ija. Anayankha zonse. Kenako anafunsa kuti:

"Amayi, uzani khoti lino. Inuyo munataya zochuluka bwanji?"

Akanatha kutchula nambala iliyonse. Palibe akanatsutsa, Masamu yemwe anali atagwedeza mutu pang'ono kuwalola. Anayang'ana kumabenchi. Mayi wa saluni anakhala kutsogolo, chikwama cha Azakhali chili pamiyendo pake, akuwakodola ndi maso kuti limbani mtima, tili pano. Kukodola kumeneko ndi kumene kunawagonjetsa. Anaona kuti akanama lero adzamwa tiyi wa mayi ameneyu mpaka imfa, ndipo sadzamezanso bwino.

"Palibe," anatero.

Loya anaganiza kuti sanamve funso. Analibwereza.

"Sindinataye kanthu, bwana. Sindinaikeko ngakhale kakobiri. Mwanayu ankandisunga, zoona, koma sanandisungirepo chilichonse. A kanema aja anandiuza kuti ndinene kuti akundisungira, ine ndikudziwa kuti si zoona, ndinanena. Anzanga atandifunsa ndinawalozera chikwangwani. Zimene ndili nazo ku banki n'zochepa, koma ngati khoti lingalole, zitengedwe."

M'khoti munayamba manong'onong'o, woweruza anachita kuwaletsa. Loya wa boma anasanthula mapepala ake, anati alibenso funso. Masamu anaphimba nkhope ndi manja. Masana omwewo anamugamula kuti akakhale ku ndende zaka khumi ndi ziwiri, ndipo woweruza anatchula kanema uja ngati chimodzi mwa zinthu zimene zinakulitsa mlandu.

Panja anthu ena anawatukwana Azakhali. Wa machaja analavula pansi. Zimenezo ankaziyembekezera, ndipo zinawapepuza pang'ono. Iwo maso awo ankafunafuna munthu mmodzi. Anamupeza ataima pansi pa masitepe, chikwama chija chikadali m'manja.

"Anzanga," anayamba Azakhali.

Mayi wa saluni anawapatsira chikwamacho ndi manja awiri, mwaulemu, ngati akupatsira mlendo.

"Muonemo ngati zonse zilimo."

"Musatero. Ndikapatsa mwana wanu zonse zimene ndili nazo, ndigulitsa ndi makina omwe. Apite kusukulu."

"Za ndalama ndinalira kale, zinatha." Mawu ake anali otsika, opanda ukali. "Ndinkati ndikaganiza za mwana wanga mtima n'kufuna kuphulika, ndinkadziuza kuti usalire kwambiri, taona mnzako kuseri kwa khomali, wake ndiye mtanda. Ndinakulirirani inu kuposa mmene ndinamulirira mwana wanga. Misozi imeneyo mundibwezera bwanji?"

Basi inafika. Mayi wa saluni anakwera, anakhala pampando wa pawindo n'kuyang'ana kutsogolo. Pambali pake panali malo. Kondakitala anafunsa Azakhali ngati akukwera, iwo anapukusa mutu, basi n'kunyamuka.